"Kontirakiti yatha": kodi mawu amenewa amatseka mlandu?

 Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwachokera ku ntchito ya usiku ndipo simunaone tulo, ena mwachita kupempha kwa akapitawo kuti mupezeke muno. Ndiye sindizungulira.

Ndiyamba ndi kajumbo kakuda kamene bambo wina anaika patebulo panga m'mawa wina mu January, zaka zingapo zapitazo, pamene ndinkathandiza anthu pa madandaulo a kuntchito. Bambowo anali mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu. Anamasula kajumboko pang'onopang'ono, ngati mmene amayi amamasulira ndalama pa nsonga ya chitenje, n'kutulutsa makalata 9. Onse anali opindidwa panayi. Ena anali ndi mathotho a mvula, ina inang'ambika m'mphepete ndipo anaimata ndi selotepi. Makalata onsewo ankanena chinthu chimodzi: talemba bambo uje ntchito ya ulonda kuyambira pa 1 January mpaka pa 31 December. Chosintha chinali chaka chokha. Pansi penipeni panali kakalata kachikhumi, ka mizere iwiri, kowauza kuti kontirakiti yawo yatha ndipo siwonjezeredwanso.

Ndinawafunsa ngati nyumbayo inatsekedwa. Anati ayi. Katundu akulowabe? Anati eya. Nanga pageti pali ndani? Anazyolika kaye, kenako anati anadutsako pa 2 January ndipo anapeza mnyamata wina atavala chijasi chawo chomwe chija, chibonga chawo chili m'manja.

Bambowo sanabwere kudzadandaula. Ankangofuna ndiwathandize kupempha kalata ya umboni woti anagwirapo ntchito, kuti akaonetse kwina. Mawu awo sindinawaiwale: "Achimwene, ine mlandu ndilibe nawo. Ndinasaina ndekha."

Mawu amenewa ndi amene ndabwera kudzalimbana nawo lero. Ndawamva kwa alonda, kwa madalaivala, kwa aphunzitsi a m'sukulu zomwe si za boma, kwa anamwino, ngakhale kwa anthu a madigiri ogwira ntchito m'mabungwe. Aliyense amakhulupirira kuti deti imene yalembedwa papepala ili ngati imfa, siimva apilo. Ine ndikuti lamulo la dziko lino silinena choncho.

Kuti timvetse bwino, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Makolo athu amene anagwira ntchito m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena m'mafakitale a ku Limbe m'zaka za m'ma 1970, ankadziwa chinthu chimodzi: bwana akakupatsa notisi, kapena ndalama za mwezi m'malo mwa notisi, nkhani yathera pomwepo. Bwanayo sankakakamizidwa kunena chifukwa. Mu 1982 bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linakhazikitsa pangano nambala 158, lonena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo Malawi inavomereza panganoli mu 1986. Kenako malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anapatsa munthu aliyense, pa gawo 31, ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka komanso kulandira malipiro oyenera. Malamulo omwewo ndi amene analamula kuti pakhale khoti loona milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, limene kayendetsedwe kake kanafotokozedwa mu Labour Relations Act ya 1996. Pomaliza mu 2000 panabwera Employment Act, lamulo limene tikhalepo lero. Ndinene msanga kuti lamuloli limakhudza ogwira ntchito m'makampani, m'mabungwe ndi m'boma momwe, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, amene ali ndi malamulo awoawo.

Anthu amene analemba pangano la ILO lija anaoneratu patali. Anadziwa kuti ukangouza olemba ntchito kuti azipereka chifukwa pochotsa munthu, ena adzapeza njira yachidule: kulemba aliyense pa kontirakiti ya chaka chimodzi, ndipo akatopa naye angodikira December. N'chifukwa chake panganoli limauza maiko kuti aike chotchinga kuti makontirakiti a nthawi yochepa asasanduke njira yozembera chitetezo cha wantchito. Chotchinga chathu chili pa gawo 28 la Employment Act. Ngati pali nambala imodzi yoti mutuluke nayo muno, itengeni imeneyi.

Lamuloli limazindikira mitundu itatu ya mgwirizano wa ntchito. Pali wopanda tsiku lothera, umene ambiri timangoti pemanenti. Pali wa nthawi yoikika, umene timati kontirakiti. Pali wa ntchito imodzi yodziwika, monga kumanga mlatho kapena kukumba mjigo. Gawo 28 limavomereza kuti mgwirizano wa nthawi yoikika umatha wokha tsiku lake likakwana, osafunikanso notisi, ndipo wa ntchito imodzi umatha ntchitoyo ikatha. Mpaka apa olemba ntchito akunena zoona. Koma ambiri amasiyira pomwepo kuwerenga. Ndime yachitatu ya gawo lomweli imanena kuti ngati cholinga kapena zotsatira za kontirakitiyo ndi kuika munthu mokhalitsa pa udindo umene uli mbali ya ntchito za masiku onse za malowo, ndiye kuti lamulo lidzautenga mgwirizanowo ngati wopanda tsiku lothera, ngakhale pamwamba pa pepala palembedwe mawu otani.

Tamvetsani bwino mawu awiri aja: cholinga kapena zotsatira. Simukufunika kusonyeza kuti abwana anali ndi mtima woipa. Mwina anangotengera fomu kwa anzawo, mwina akauntanti anawalangiza choncho. Chofunika ndi chimene chinachitika. Kodi udindowo ndi wokhalitsa? Kodi malowo angayende popanda munthu pa mpando umenewo? Funso limene ine ndimafunsa aliyense wobwera ndi makalata ndi lomwe ndinafunsa bambo aja: inu mutachoka, ntchito yanu inachoka nanu limodzi, kapena Lolemba lotsatira panakhala munthu wina? Nyumba yosungiramo katundu imafuna mlonda chaka chino, chaka chamawa ndi chaka chinacho. Sukulu imafuna mphunzitsi wa masamu malinga ngati ana akubwera. Chigayo chimafuna wogayitsa. Banki imafuna wowerenga ndalama pa kauntala. Kudula ntchito yotere m'zidutswa za miyezi 12 sikuisandutsa ntchito ya kanthawi, monga kudula mzimbe m'mapande sikuusandutsa misale.

Apa ndisakunamizeni, chifukwa pali makontirakiti oona, ndipo ndi ambiri. Achinyamata amene analembedwa ntchito yowerenga anthu pa kalembera wa 2018 ankadziwa kuti kalembera akatha, ntchito yatha. Chimodzimodzi amene amathandiza pa malo oponyera voti. Mtsikana amene walowa m'malo mwa mayi yemwe ali pa tchuthi cha uchembere cha masabata 8 sangaumirire mpandowo mwini wake akabwerera. Mmisiri amene anamulemba kuti amange buloko ya makalasi awiri amanyamula zida zake malata akakhomedwa. Pa milandu yotere, mawu akuti kontirakiti yatha amatsekadi nkhani, ndipo wokuuzani kuti mukasume akungokutayitsani ndalama za basi.

Povuta ndi pakati, makamaka m'mabungwe omwe si a boma. Bungwe lalandira thandizo la zaka zitatu loti ligwire pulojekiti ya madzi m'boma lina, ndipo lalemba munthu wa pulojekiti imeneyo. Ndalama zikatha, pulojekiti n'kutsekedwa, n'zovuta kunena kuti udindowo unali wokhalitsa. Koma taganizirani dalaivala wa ku likulu la bungwe lomwelo, amene wanyamula anthu a pulojekiti ya madzi, ya edzi, ya ulimi, ya maphunziro, zaka 12, chaka chilichonse akusaina pepala latsopano. Mapulojekiti amabwera n'kupita, iye ali pa chiwongolero chomwecho. M'kuona kwanga, munthu ameneyu ndi wa bungwe, si wa pulojekiti, ndipo gawo 28 linalembedwera anthu ngati iyeyu. Komabe amene amagamula ndi khoti, ndipo limagamula poona umboni wa mlandu uliwonse pawokha.

Ili ndi limodzi mwa madandaulo anga pa lamulo lathu. Silinena kuti kontirakiti ingawonjezeredwe kangati isanasanduke yokhalitsa. Abale athu ambiri ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo kumeneko anapita patsogolo pang'ono. Kuyambira mu 2015, lamulo la ku South Africa limanena kuti munthu wa malipiro otsika sangasungidwe pa kontirakiti yopitirira miyezi itatu popanda chifukwa chomveka, ndipo kunalembedwanso kale kuti ngati wantchito anali ndi chifukwa chokwanira choyembekezera kuti kontirakiti yake iwonjezeredwa, koma bwana n'kukana, kumeneko ndi kuchotsedwa ntchito. Mukamaimbirana foni ndi ana anu kumeneko, muwauzenso kuti nthawi yokadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a ntchito kumeneko, ndi masiku 30 okha. Ndikanakonda aphungu athu atatiikira malire omveka chotero, kuti mlonda asamachite kudikira woweruza kuti amuuze chinthu chimene aliyense pageti akuchiona.

Pali njira inanso imene kontirakiti imapitirira moyo ngakhale deti yadutsa. Gawo 28 lomwelo limazindikira kuti mgwirizano ukhoza kuwonjezeredwa mwakachetechete. Kontirakiti inatha pa 30 June, koma pa 1 July mwabwera ku ntchito, akapitawo akupatsani zochita, kumapeto kwa mwezi malipiro alowa. August chimodzimodzi. Ndiye mu October wina akutsegula fayilo n'kukuuzani kuti, pepani, inu kontirakiti yanu inatha kalekale mu June, mawa musabwere. Ayi. Amene anakulandirani pageti ndi kukulipirani miyezi itatu ija anavomereza ndi zochita zake kuti mgwirizano ulipo. Akafuna kuuthetsa, atsate njira yochotsera munthu ntchito.

Tsopano tifike pa njira imeneyo, chifukwa ndi imene imateteza aliyense: wa pemanenti, wa kontirakiti yabodza imene lamulo laisandutsa yokhalitsa, komanso wa kontirakiti yoona amene akumuchotsa nthawi yake isanakwane. Gulu lomalizali limaiwalika kawirikawiri. Munthu wasaina zaka ziwiri, patha miyezi 7, akumuitana mu ofesi n'kumuonetsa ndime ya m'kontirakiti yonena kuti mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popereka notisi. Zoona, lamulo limati notisi ya kontirakiti yotere isachepere masiku 14, ndipo kwa munthu wa pemanenti wolandira pamwezi notisi ndi mwezi umodzi. Koma notisi imangoyankha funso lakuti uchoka liti. Siyankha funso lakuti uchokeranji. Funso lachiwirili lili pa gawo 57, ndipo gawoli silisankha mtundu wa pepala limene munasaina.

Gawo 57 limafuna zinthu ziwiri. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zovomerezeka zili m'magulu atatu okha: munthu akulephera ntchito, munthu walakwa pa khalidwe, kapena malo a ntchitowo afika poti sangathenso kusunga udindowo. Chachiwiri, ngati nkhani ndi yolephera ntchito kapena khalidwe, munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe.

Chachiwirichi si chinthu chachilendo kwa ife. Kumudzi, ngakhale munthu amupeze atagwira chingwe cha mbuzi ya eni, nyakwawa imamukhazika pansi n'kumufunsa kuti, tanenani, mbuziyi yafika bwanji m'manja mwanu? Mwina anaipeza ikudya chimanga chake ndipo amapita nayo kwa mwini wake. Simungadziwe musanamumve. Lamulo la ntchito likungopempha ulemu womwewo. Munthu auzidwe mlandu wake momveka, apatsidwe nthawi yokonzekera, amve zimene omuneneza akunena ndi kuwafunsa mafunso, ndipo woweruza asakhale yemwe akumuimba mlanduyo. Kumuitana munthu pa 10 koloko, kalata yomuchotsa italembedwa kale pa 9 koloko, si kumumva kumeneko. Ngakhale pa milandu ikuluikulu imene gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi, monga kuba, kujomba popanda chifukwa, kapena kukana dala lamulo loyenera la abwana, chimene munthu amataya ndi notisi. Mpata woyankha mlandu sautaya.

Gawo 57 limatchulanso zifukwa zimene sizingakhale zomveka ngakhale zitavekedwa suti. Mtundu wa munthu, chilankhulo, chipembedzo, maganizo ake pa ndale, ulumali, kukhala mkazi kapena mwamuna, udindo wake pabanja. Kulowa yuniyoni. Kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Kuchoka pa malo amene akuona kuti moyo wake uli pa ngozi. Kuchita nawo sitiraka yovomerezeka. Kukadandaula za abwana ku leba kapena ku khoti. Ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera ndi mlandu pawokha m'lamulo lomweli.

Apa ndi pamene mtima umandipweteka kwambiri ndi makontirakiti a chaka chimodzi, chifukwa ndi chophimba chabwino cha zifukwa zoletsedwazi. Ndinakumanapo ndi mphunzitsi wina wamkazi amene anasaina zaka zinayi zotsatizana popanda vuto, ana ake akukhoza bwino mayeso. Chaka chachisanu, m'temu yomaliza, pathupi panayamba kuoneka. Palibe anamunena kanthu. Tsiku lotsekera sukulu anzake onse analandira maenvelopu a kontirakiti yatsopano, iye yekha analandira mawu othokoza chifukwa cha ntchito yabwino. Anandiuza kuti anakhala mu sitafu rumu mpaka onse atapita, akuyang'ana choko chimene chinatsala m'thumba la diresi lake. Palibe kalata imene inatchula mimba. Umu ndi mmene amachitiranso ndi wantchito amene wayamba kusonkhanitsa anzake za yuniyoni, kapena amene anafunsa za ovataimu pa msonkhano. Samuchotsa, amangomudikira. Ndipo anzake onse amaona, n'kuphunzira kutseka pakamwa. Munthu amene chaka chilichonse amapempha ntchito yake yomwe sangafunse magolovesi, sangafunse tchuthi.

Mwina wina akufunsa mumtima kuti, nanga ine ndikasonyeza bwanji zonsezi, poti mafayilo ali kwa iwo? Lamulo linaganizira zimenezo. Gawo 61 limaika katundu pamutu pa wolemba ntchito. Inu mukasonyeza kuti munachotsedwa, ndi iye amene ayenera kupereka chifukwa, ndipo akalephera, khoti limatenga kuti kuchotsedwako kunali kopanda chilungamo, popanda kukambirananso. Sizithera pomwepo. Ayeneranso kusonyeza kuti pa zonse anachita mwachilungamo. Munthu amene wagwira zaka 15 popanda chenjezo ngakhale limodzi, n'kuchedwa tsiku limodzi chifukwa minibasi inafera pa msewu, chifukwa chilipo, koma chilango chaposa mlandu.

N'chifukwa chake olemba ntchito ena amakonda kuti muchoke ndi dzanja lanu. Amati, lembani kalata yosiya nokha kuti mbiri yanu isaipe. Chonde musathamangire cholembera. Pemphani kuti mukaganize, mukafunse kaye. Zoona, gawo 60 limateteza munthu amene wasiya ntchito chifukwa abwana amufikitsa poti sangathenso kupirira, monga kumudula malipiro popanda kukambirana kapena kumuzunza, ndipo limatenga zimenezo ngati kuchotsedwa. Koma pa mlandu wotere ndinu amene muyenera kusonyeza nkhanzazo, ndipo phiri lake ndi lalitali. Chimodzimodzi pepala limene amakupatsani pa tsiku lolandira ndalama zomaliza, lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Liwerengeni, kapena wina akuwerengereni, musanadinde chala.

Tikambe za ndalama, chifukwa apa ndi pamene kusiyana kwa kontirakiti yoona ndi yabodza kumaonekera poyera. Kontirakiti yoona ikatha, mumayenera kulandira malipiro anu otsala, ndalama za masiku a tchuthi amene simunapume, ndi ndalama zothokozera utumiki (gratuity) ngati zikukuyenerani. Kumene lamulo la penshoni likugwira ntchito, mufunse ngati 10 peresenti ya abwana ndi 5 peresenti imene ankakudulani zinafikadi ku thumba la penshoni. Malipiro omalizawa ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7, ndipo mukapempha kalata ya umboni wa ntchito, gawo 31 limati akupatseni. Koma severance, ndalama zoperekedwa kwa munthu wochotsedwa ntchito, palibe. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, severance imaperekedwa pokhapokha ngati munthu wachotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito ndi mavuto a kampani, kapena ngati wachotsedwa mopanda chilungamo.

Tsopano titenge bambo a kajumbo aja, a zaka 9. Ngati makalata awo atengedwa monga alembedwera, iwo anagwira chaka chimodzi kasanu n'kanayi, ndipo amachoka ndi malipiro a December basi. Koma ngati gawo 28 ligwira ntchito, iwo ndi munthu wa pemanenti amene wachotsedwa popanda notisi, popanda chifukwa, popanda kumvedwa. Ayenera mwezi umodzi wa notisi. Severance imawerengedwa chonchi: masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu n'chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka kupitirira apo. Kwa iwo ndi masabata 10 kuphatikiza 12, onse pamodzi 22. Pamwamba pa izo pali chipukuta misozi cha pa gawo 63. Lamulo linaika mlingo wotsikitsitsa: sabata imodzi pa chaka kwa amene sanapitirire zaka zisanu, masabata awiri pa chaka mpaka zaka 10, masabata atatu mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa opitirira apo. Kwa iwo ndi masabata 18, ndipo khoti likhoza kupereka zoposa apo poona mmene munthu wavutikira, kapena kulamula kuti abwerere pa ntchito. Mukaphatikiza, ndi malipiro opitirira miyezi 10. Ndi ndalama zimenezo zimene zinabisala kuseri kwa mizere iwiri ija. Khoti limaonanso ngati wodandaula anathandizira yekha kuchotsedwa kwake, komanso ngati akuyesetsa kufuna ntchito ina, choncho makalata ofunsira ntchito muzisunga.

Inu a m'maesiteti a tiyi, a ku fodya ku Kanengo ndi ku Limbe, a ku mizimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, nkhani yanu ili ndi gawo lake. Ntchito ya sizoni ndi yovomerezeka, koma gawo 43 limati munthu amene walembedwa masizoni otsatizana ndi bwana mmodzi, nthawi yonse imene anagwiradi ntchito imaphatikizidwa ngati utumiki umodzi. Simuyambira pa ziro chaka chilichonse.

Kwathu timati mlandu suwola. Pa bwalo la mfumu zikhoza kukhala choncho, koma pa nkhani iyi mwambiwu wapweteketsa anthu ambiri. Gawo 62 limapereka miyezi itatu, kuwerengera tsiku lochotsedwa, kuti mukadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Ndaona anthu akutha miyezi imeneyi akuyendera abwana, akuuzidwa kuti bwerani Lachisanu, bwana wamkulu ali ku Lilongwe, cheke chikudikira siginecha. Kambiranani nawo ndithu, koma dandaulo likhale litalembedwa kale ku leba. A leba amaitana mbali zonse kuti agwirizanitse, ndipo zikakanika pakatha mwezi, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court. Khotili lili m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo munthu akhoza kuyamba mlandu wake popanda loya. Yuniyoni yanu kapena a Legal Aid Bureau akhoza kukuunikirani. Sindibisa kuti milandu imachedwa, ndipo kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ulendo wokha ndi chilango. Limeneli ndi bala lalikulu pa chilungamo chathu, ndipo tonse tiyenera kumalinena mokweza.

Ndaona kuti muno mulinso olemba ntchito, ndipo ndikuthokoza kuti mwabwera. Sindikukuonani ngati adani. Ndikudziwa mmene zinalili kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu atakwera, makasitomala atachepa. Ambiri mwa inu mumagwiritsa makontirakiti afupiafupi chifukwa cha mantha, kuopa kudzimangirira pa munthu mawa musakulidziwa. Koma lamulo linakutsegulirani makomo oyenera. Mukufuna kumuyesa kaye munthu waluso? Nthawi yoyeserera ikhoza kufika miyezi 12. Bizinesi yavuta? Kuchepetsa antchito ndi chifukwa chovomerezeka, bola mukhale nawo pansi, muwauze zoona, ndi kuwapatsa severance yawo. Munthu ndi waulesi kapena wakuba? Muchenjezeni, mumumve, mulembe zonse, ndipo khoti lidzaima nanu. Chimene ndikukupemphani kuti musiye ndi kugwiritsa kalendala ngati chikwanje. Munthu amene wakulonderani katundu zaka 9, usiku wa mvula ndi wa chisanu cha mu June, ayenera kuuzidwa pamaso chifukwa chimene akuchokera.

Bambo aja tinapita nawo ku leba sabata yomweyo. Atangomva za gawo 28 anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati sadzamangidwa chifukwa chotsutsana ndi pepala limene anasaina okha. Pa tsiku lokambirana, woimira kampani anabwera ndi kontirakiti yomaliza yokha. Bambowo anamasula kajumbo kaja n'kuyala makalata onse 9 patebulo, mmodzi wa a leba akuwerenga zaka mokweza. Anatulutsanso timapepala ta malipiro timene ankasunga m'chitini cha mkaka, tosonyeza kuti panalibe mwezi ndi umodzi womwe umene anadukiza. Mbali ziwirizo zinagwirizana pomwepo. Ndalama zimene analandira zinali zochepa poyerekeza ndi zimene akanatha kupeza ku khoti, ndipo ndinawauza choncho, koma mwana wawo wamkazi ankafunika fizi ya Fomu 3 temu imeneyo ndipo sakanatha kudikira. Kalata ya umboni ija anawalembera tsiku lomwelo, ndipo pa mzere wa nthawi ya utumiki panalembedwa zaka 9.

Ndaona ena abwera ndi mapepala awo. Ndikhala pa tebulo la pakhomo paja mpaka aliyense nditamuona, ndipo amene anachotsedwa miyezi iwiri yapitayo ayambe ndiwo.